Kodi turmeric, chamwamba ndi madzi a therere zingathandize impso za munthu wa shuga?

Nachisale_Ndirande

Moni nonse pano, ndithandizeni nzeru abale chifukwa kwathu kwavuta. Bambo anga ndi a shuga kwa zaka zambiri ndithu, amamwa metformin ndi glibenclamide kuphatikiza enalapril wa BP, nde mwezi wathawu ku kiliniki anawatenga magazi ndi mkodzo nkuwauza kuti impso zayamba kutopa, mu buku lawo la kuchipatala alembamo eGFR 41, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, komanso kuti mkodzo uli ndi protein wambiri. Zoonadi mkodzo wawo umachita thovu lija losatha msanga ndipo madzulo akavula nsapato mapazi amakhala otupa mpaka sokosi kusiya mzere.

Tsopano azakhali aponya kavidiyo pa gulu la WhatsApp la kubanja, munthu wovala gauni yoyera akufotokoza kuti impso za anthu a shuga zimaonongeka chifukwa cha kutupa kwa mkati ndipo mankhwala ake ali mu zomera, akutchula curcumin wa mu turmeric, resveratrol wa mu mphesa, quercetin wa mu anyezi ndi maina ena oti lilime langa silingakwanitse. Kuchokera tsiku limenelo pakhomo padzadza zitsamba, m'mawa phala lothira ufa wa chamwamba masipuni odzadza, usiku kuviika therere m'madzi kuti amwe kukacha, makapisozi a turmeric ogula kwa mayi ena mtauni opanda ngakhale kapepala kolemba kuti muli chani, ndipo azakhaliwo akuti mapilisi akuchipatala ndi amene akupsereza impso awasiye. Bambo okha amamwanso brufen pafupipafupi chifukwa cha mawondo, nde akuti poti vuto ndi kutupa ndiye kuti brufen akuthandizanso impsozo eti.

Ine sindikufuna kukangana ndi azakhali popanda mfundo. Alipo amene akudziwa ngati zomerazi zimachepetsadi kutupa kwa mu impso kapena tikungotaya ndalama, kapenanso tikuwapweteka kumene?

mlimi_wa_ku_Dedza

Achemwali musaope, zachilengedwe sizipha munthu. Amalume anga akumwa chamwamba ndi nimu zaka ndi zaka ndipo shuga wawo ali phee, akulimabe mbatata ngati mnyamata. Makolo athu analibe dialysis, makina aja otsuka magazi impso zikafa, koma ankafika zaka 90. Apitirize basi, muwonjezereko adyo ndi jinja.

CO_wa_kumudzi

Achemwali pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi chofulumira kaye zinazo pambuyo: brufen asiye lero lomwe, pamodzi ndi diclofenac ndi indocid ngati zilipo mu kabati. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi olowa mu impso, ndiye kwa munthu wa eGFR 41 amene akumwanso enalapril ndi zoopsa kwambiri, makamaka tsiku loti atsekule m'mimba kapena kutentha kwa Okutobala kuja asanamwe madzi okwanira, impso zimatha kungoima mwadzidzidzi. Za mawondo panado ndiye bola, ndipo mukawauze a ku kiliniki kuti mawondo akuvuta awaone. Enalapril asasiye ayi, pa mankhwala onse mwatchulawo ameneyo ndi amene akutetezadi impso chifukwa amatsitsa mphamvu ya magazi mkati mwa impsomo ndipo protein wotayika mu mkodzo amachepa.

Tsopano za kavidiyo. Munthuyo sananame zonse, ndipo mpamene pamavutira pamenepo. Impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, shuga akakhala wokwera zaka zambiri tisefato timakhuthala ndi kubooka nthawi imodzi, nkuyamba kudutsitsa protein wotchedwa albumin amene amayenera kutsala m'magazi, thovu mukuonalo ndi limenelo. Maselo ovulalawo amatulutsa timankhwala toitana asilikali a m'thupi, maina ake ndi monga TNF-alpha, IL-6 ndi MCP-1, asilikali aja akafika amakhazikika osachoka ndipo mapeto ake china chotchedwa TGF-beta chimapangitsa kuti malo ovulalawo asanduke zipsera, nde chipsera cha mu impso sichisefa ndipo sichibwerera mwakale. Kumeneko ndiye kutupa kwa mkati kumene akunena, sikuoneka ndi maso ndipo sikupweteka. Za mapazi otupazo ndi nkhani ina, amenewo ndi madzi ndi mchere zomwe thupi likulephera kutaya, brufen amangozionjezera.

Vuto ndi loti kafukufuku wambiri wa curcumin, resveratrol, quercetin, berberine ndi anzawo anachitikira pa maselo a mu labu ndi pa makoswe opatsidwa shuga dala. Pa khoswe zimaoneka zokongola kwambiri, NF-kB amene amayatsa kutupa watsika, protein mu mkodzo watsika, koma khosweyo amapatsidwa mankhwala oyeretsedwa pa mlingo woti munthu kuti aufikire ndi ufa wa kukhitchini sangakwanitse, komanso khoswe amadwala shuga milungu yochepa pomwe bambo anu ndi zaka kuphatikizapo BP ndi mapilisi ena atatu. Pa anthu kafukufuku alipo koma ndi waung'ono. Wodziwika wa turmeric anachitika ku Iran nkusindikizidwa mu 2011, anthu 40 okha kwa miyezi iwiri, protein mu mkodzo anatsikadi, koma miyezi iwiri singakuuzeni ngati munthu adzapewe dialysis zaka zisanu zikubwerazo, ndipo funso lenileni kwa inu ndi limenelo. Curcumin yemweyo mu ufa wa turmeric alimo wochepa, pafupifupi magawo atatu pa 100, ndipo amalowa m'magazi movuta kwambiri, nchifukwa chake makampani amathiramo piperine wa mu tsabola wakuda kuti alowe wambiri, koma piperine amasokonezanso mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ena, komanso pali anthu amene chiwindi chinawatupa chifukwa cha makapisozi amphamvu a turmeric. Turmeric alinso ndi oxalate wambiri, amene amapanga timiyala mu impso. Kuthira pang'ono mu mpunga kapena nyama palibe vuto, makapisozi osadziwika kochokerawo ndi amene ine ndingataye.

China chomwe simunafunse koma chandidetsa nkhawa ndi glibenclamide. Impso zikafooka ameneyu amachedwa kutuluka m'thupi ndipo shuga amatha kutsikiratu usiku munthu ali mtulo, ndiye mukaonjezera zitsamba zotsitsanso shuga pamwamba pake mwaona mmene zingathere. Mukaona akutuluka thukuta, kunjenjemera kapena kuyankhula zosamveka apatseni chotsekemera msanga muthamange nawo. Metformin nayenso eGFR ikatsika pansi pa 45 mlingo umayenera kuchepetsedwa ndipo pansi pa 30 amasiyitsidwa, nde kafunseni ngati anaunikanso mlingo atatha kuona 41 uja.

mlimi_wa_ku_Dedza

Adokotala ndakumvani koma inu a chipatala mumangonyoza za kwathu basi. Mapilisi anuwo amachokera kuti si mu mitengo momwemo? Azungu amatenga masamba athu nkuika mu botolo nkutigulitsa modula, ife tikamwa tokha ndiye akuti poizoni kkkk

pharm_265

Achimwene a ku Dedza pa mfundo yoti mapilisi ena anachokera mu zomera mwalasa, ndipo nkhani ya shuga ndi impso ndiye chitsanzo chabwino zedi, koma imvani mmene zinayendera chifukwa sizikugwirizana ndi zomwe mukufuna kunenazo.

Metformin amene bambowa akumwa muzu wake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, anthu ankachigwiritsa ntchito kalekale kwa odwala okodza pafupipafupi. Asayansi atapeza chomwe chimatsitsa shuga mmenemo, galegine, anapeza kuti chili ndi poizoni wochuluka moti sichingakhale mankhwala, chitsamba chomwecho chimapha nkhosa zikadya chambiri. Panatenga zaka zambiri kusintha kapangidwe kake mpaka Jean Sterne ku Paris anayamba kupatsa odwala metformin mu 1957. Winanso ndi phlorizin, anamupeza mu makungwa a mizu ya mtengo wa maapozi mu 1835, ndipo pofika cha m'ma 1880 zinadziwika kuti amapangitsa shuga kutuluka ndi mkodzo. Koma kumumwa sikunkathandiza, amaphwanyika m'matumbo komanso amatsekula m'mimba, ndiye anakhala zaka zoposa 100 akungogwiritsidwa ntchito pa nyama za mu labu mpaka anthu anapanga abale ake olimba, dapagliflozin, empagliflozin ndi canagliflozin. Amenewa ndiye anayesedwa mokwanira, kafukufuku wotchedwa CREDENCE mu 2019 anthu opitirira 4,400 a shuga ndi impso, ngozi yoti impso zifike poipa kapena munthu amwalire ndi impso kapena mtima inatsika ndi 30 peresenti, wina wotchedwa DAPA-CKD mu 2020 anthu opitirira 4,300 inatsika ndi 39 peresenti, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Tafanizirani ndi anthu 40 a miyezi iwiri aja. Palibe amene angakuuzeni kuti kakumbeni mizu ya apozi mutafune, chomera chinangopereka poyambira.

Ndiye pali nkhani yomwe ine imandikhudza kwambiri chifukwa ikukhudza kutupa kwenikweni mukufunsaku, ya bardoxolone methyl. Ameneyu anapangidwa kuchokera ku oleanolic acid, chinthu chopezeka mu zomera zambiri kuphatikizapo mtengo wa olive, ntchito yake kudzutsa Nrf2 amene amazimitsa kutupa ndi kuteteza maselo, njira yomweyo imene otsatsa curcumin amaitchula mu mavidiyo awo. Kafukufuku woyamba mu 2011 anaonetsa eGFR ikukwera mwa odwala shuga ndi impso, anthu anasangalala kuti basi tapeza. Atapanga wamkulu wotchedwa BEACON, anthu 2,185 amene impso zinali zitafooka kwambiri, anamuimitsa panjira mu Okutobala 2012 chifukwa omwa mankhwalawo ankagonekedwa ndi mtima wolephera kupopa pafupifupi kawiri kuposa omwa pilisi yopanda kanthu, thupi linkasunga madzi. Ku Japan anayesanso mosamala kwa zaka zingapo koma mu 2023 anangozisiya chifukwa sanachepetse anthu ofika pa dialysis. Tsono ngati chinthu choyezedwa mlingo bwinobwino, chokhala ndi madokotala akuyang'anira wodwala aliyense, chinabisa vuto lotere mpaka pa anthu zikwi ziwiri, kapisozi wa mu jumbo wopanda dzina ndani akumulondola?

Za therere ndiyankhepo chifukwa ndikudziwa kumene mphekeserayi imapezera mphamvu. Ku China kuli mankhwala otchedwa Huangkui opangidwa kuchokera ku maluwa a Abelmoschus manihot, mbale wake wa therere lobala lathuli, ndipo kumeneko ndi ovomerezeka pa matenda a impso, anayesedwa pa anthu mazana angapo ndipo amachepetsa protein mu mkodzo makamaka akaphatikizidwa ndi mankhwala a BP a gulu la losartan ndi irbesartan. Koma ndi chomera china, ndi maluwa osati zipatso, ndipo ndi zosungunula mu fakitale pa mlingo wodziwika, si madzi onanda a mu kapu ayi. Ku China komweko amagwiritsanso ntchito Tripterygium wilfordii amene amatsitsadi protein mu mkodzo mwamphamvu koma amaononga chiwindi, amatsitsa asilikali a m'thupi ndipo amasokoneza kubereka. Chomera chikakhala ndi mphamvu yogwira ntchito chimakhalanso ndi mphamvu yopweteka, nchifukwa chake ine mawu oti zachilengedwe sizipha amandiwawa.

Pa mankhwala ovomerezeka amene amalimbana ndi kutupa ndi zipsera za mu impso mwachindunji alipo finerenone, anavomerezedwa ku America mu 2021, koma ndi wodula, kupezeka kwake kuno nkovuta ndipo amakweza potassium, mchere wina wa m'magazi woopsa ku mtima ukachuluka. Kwa bambowa ine ndingafunse kaye za dapagliflozin kapena empagliflozin, eGFR 41 ikulola, mafamase ena a mtauni amakhala nawo koma alembe ndi dokotala amene akuwaona chifukwa mankhwala ena a shugawo amafunika kusinthidwa.

Mjoni_wa_Durban

Ine si wachipatala, ndimasoka matenti kuno ku Durban, koma za zitsamba ndi impso ndaziona ndi maso. Kuno kuli muzu wina amati impila, amagulitsa mmisika ya zitsamba ngati wotsuka m'mimba ndi kuthamangitsa mizimu yoipa, madokotala a kuno amaudziwa bwino chifukwa wapha anthu ambiri makamaka ana, umaononga chiwindi ndi impso pa masiku ochepa ndipo shuga wa m'magazi amagweratu. Mnyamata wina wakwathu amene tinkakhala naye mpanda umodzi anapatsidwa botolo la zosakaniza ndi munthu wa pa renki kuti atsuke thupi, sitikudziwa munali chani mpaka lero, anasiya kukodza ndipo anakhala pa makina kuchipatala tisanayambe kusonkherana za ulendo wobwerera kumudzi. Anapulumuka koma mwamwayi. Nde akamati makolo analibe dialysis ndi zoona, koma amene impso zinkawafera ankangoti watupa wamwalira, kapena walodzedwa, palibe ankayeza creatinine wa m'magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito.

Sisi chinthu chimodzi, azakhali musawanyoze pagulu la WhatsApp, anthu akuluakulu ukawachititsa manyazi amangoyamba kuwamwetsa mobisa. Atengeni apite nawo ku kiliniki akamve okha.

CO_wa_kumudzi

Akulu a ku Durban anena zoona, ndipo sizichitika ku Africa kokha. Ku Belgium cha m'ma 1990 amayi opitirira 100 anaonongeka impso atamwa makapisozi ochepetsa thupi pa kiliniki ina ku Brussels, muzu umodzi wa ku China unasinthanitsidwa ndi wina wa mtundu wa Aristolochia, ambiri anathera pa dialysis kapena kuikidwa impso ina ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Amenewo anali makapisozi olembedwa ndi madokotala ku Ulaya. Ngakhale chipatso wamba, star fruit, munthu wabwinobwino amadya osamva kanthu koma wa impso zofooka chimamuyambitsa ntchirikitchi wosatha, kusokonezeka mutu mpaka kukomoka, chifukwa poizoni wake amatuluka kudzera mu impso basi.

A mlimi sindikunyoza chamwamba, ndiwo yake ndi yabwino ndipo ine ndimadya. Amalume anu mwina impso zawo zili bwino, ndiye chilichonse chopyola muyeso amangokodza. Bambo awa sangathe kutero, ufa wouma wa chamwamba uli ndi potassium wambiri ndipo enalapril amapangitsa thupi kusunga potassium, akakwera kwambiri munthu samva kupweteka kulikonse, mtima umangosokonekera kagundidwe. Kuno kwathu makina a dialysis a boma anthu amawadziwira ku Kamuzu Central ndi ku Queens ndipo odwala ndi ochuluka kuposa makinawo, ndiye pa 41 pamene alipa ntchito yonse ndi kuchedwetsa, BP ikhale pansi pa 130/80, mchere uchepe kwambiri kuphatikizapo tima cube tothira mu ndiwo tija, shuga akhale mmalo mwake, fodya ngati amasuta asiye. Anthu ambiri amakhala zaka zambiri pa siteji 3 ya matenda a impso, pamene bambowa ali, osafika kumakina akasamala zimenezi.

Nachisale_Ndirande

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Brufen ndamuchotsa kale ndawagulira panado, anadandaula kuti panado ndi wa ana koma amwa. Makapisozi ndawaika mu chikwama changa ndipo Lachiwiri ndi tsiku lawo la kiliniki ndipita nawo pamodzi ndi azakhali ngati avomere, ndinyamula mabotolo onse ndi jumbo ya chamwamba akaone okha, ndalembanso pa foni zoti ndikafunse, mlingo wa metformin, glibenclamide uja, potassium ndi dapagliflozin ngakhale ndikuopa mtengo wake.

Koma nde adya chani abale? Chifukwa therere amalikonda kwambiri, amayi amaphika la chidulo pafupifupi tsiku lililonse ndipo nsima yake imatsetsereka bwino kwa munthu amene chilakolako cha chakudya chachepa. Nthochi ndi mapeyala ndiye zili pakhomo pomwe. Tiwaletse zonsezi?

pharm_265

Therere lenilenilo adye, vuto lili pa chidulo. Chidulo ndi madzi a phulusa ndipo phulusa la zomera ladzadza potassium, ndiye kwa munthu wa enalapril ndi impso zofooka tsiku lililonse ndi zambiri. Soda nayenso ndi sodium yemweyo amene tikuti achepe, ngati amayi sangaphike popanda kanthu athire kochepa kwambiri kapena alikazinge ndi tomato pang'ono ndi anyezi. Samalaninso ndi mchere uja amagulitsa mmashopu akuluakulu wolembedwa kuti ndi wa anthu a BP, wambiri mwa iwo sodium anamuchotsa nkuikamo potassium chloride.

Nthochi ndi mapeyala musathamangire kuletsa musanaone zotsatira, si aliyense wa siteji 3 amene potassium amakwera ndipo kumana munthu wa shuga zipatso ndi masamba popanda chifukwa kumangomusiya ndi nsima yokhayokha. Lachiwirilo pemphani kuti ayeze potassium pamodzi ndi creatinine, akakhala pansi pa 5 nthochi imodzi patsiku si nkhani, akapyola 5.5 ndiye a ku kiliniki akuuzani zochotsa ndipo masamba ndi mbatata muziwiritsa nkutaya madzi oyamba. Ngati labu ya pamenepo ilibe zoyezera tsiku limenelo afunseni akulembereni kuti mukayezetse kwina, musabwerere kunyumba opanda nambala imeneyo.

mlimi_wa_ku_Dedza

Za chidulozi ndiye zandidabwitsa, amayi anga nawo ndi a BP ndipo amamwa enalapril yemweyo. Creatinine ameneyu amayeza pa health centre kapena mpaka ku boma?